Kutsata Masetilaiti pa Mapu: Manambala Ake Amachokera Kuti?

Mvula ikatha, thambo n'kuyera, anthu ocheza pabwalo chakumadzulo nthawi zina amaona nyenyezi ikuyenda. Siphethira ngati nyali za ndege, phokoso ilibe, ndiponso sithamanga ngati nyenyezi ija imang'anima kamodzi n'kuzimiririka. Imangoyenda pang'onopang'ono kudutsa zinzake, ndipo pakatha mphindi zitatu kapena zinayi imazilala. Kuyambira chaka cha 2019 ena aonanso mdipiti wa nyenyezi zoterezi zili ndondondo mumzere umodzi, mpaka anthu kuyamba kufunsana pa WhatsApp ngati kunja kuno kuli bwino.

Amenewa ndi masetilaiti, makina amene anthu anatumiza mumlengalenga kuti azizungulira dziko. Timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osawaganizira n'komwe. Dishi ili padenga imalandira zithunzi kuchokera ku setilaiti, foni imadziwa pamene tili chifukwa cha masetilaiti a GPS, ndipo a zanyengo amamuona namondwe akadali kutali panyanja yamchere chifukwa cha zithunzi zojambulidwa kumwambako. Mdipiti uja ndi wa Starlink, masetilaiti opereka intaneti a kampani ya SpaceX, amene amakwezedwa ambirimbiri pa roketi imodzi ndipo amayamba atatsatana asanamwazikane.

Masiku ano kuli mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta oonetsa mapu a dziko lonse, pamapupo timadontho tikuyenda, kalikonse ndi dzina lake. Ambiri akaona zimenezi amayesa kuti pali kamera imene ikuonerera masetilaitiwo, kapena kuti setilaiti iliyonse ikuuza foniyo pamene yafika. Ayi ndithu. Foniyo ikungowerengera masamu, ndipo masamuwo akuyambira pa mizere iwiri ya manambala imene munthu aliyense angathe kuipeza kwaulere. Wodziwa kumene manambalawa amachokera angathe kudzikonzera mapu akeake, oonetsa masetilaiti okhawo amene akuwafuna, monga akuonekera pamudzi pamene iye ali.

Chifukwa chake njira ya setilaiti imadziwika pasadakhale

Setilaiti siyendera injini monga ndege. Roketi ikaikweza pamwamba n'kuikankhira cham'mbali ndi liwiro lalikulu, injini zimazima, ndipo kuyambira pamenepo imayendetsedwa ndi mphamvu yokoka ya dziko. Kunena zoona setilaiti imakhala ikugwa nthawi zonse. Koma poti ikuthamangira kutsogolo kwambiri ndipo dziko ndi lobulungira, nthaka imangoithawa pansi pake, kugwako n'kusanduka kuzungulira.

Malamulo a kayendedwe kotereka anadziwika kalekale. Mu 1609 Johannes Kepler wa ku Germany anaonetsa kuti mapulaneti amayenda m'njira yozungulira koma yotalikirapo mbali imodzi, ndipo amathamanga akayandikira dzuwa n'kubweza liwiro akatalikira. Mu 1687 Isaac Newton wa ku England anafotokoza mphamvu yokoka imene imachititsa zimenezi. Malamulo omwewo ndiwo amagwira pa setilaiti iliyonse, yaikulu kapena yaing'ono.

Lamulo lotikhudza kwambiri ndi lakuti setilaiti ikakhala pamwamba kwambiri, imatenganso nthawi yaitali kuti imalize ulendo umodzi. International Space Station, imene ambiri amangoti ISS, ndi nyumba yofufuziramo za sayansi momwe anthu akhala akukhalamo mosinthana kuyambira Novembala 2000. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi zongopitirira pang'ono 90. Masetilaiti a GPS ali pa makilomita 20,200 ndipo amatenga maola pafupifupi 12. Pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, mzere uja wogawa dziko pakati, ulendo umodzi umatenga tsiku lathunthu, chimodzimodzi ndi kutembenuka kwa dziko. Setilaiti ya pamenepo imaoneka ngati yaima malo amodzi. N'chifukwa chake mmisiri wa dishi akailunjika bwino amamanga mabawuti n'kumapita, osabweranso mawa kudzaitembenuza.

Tsono taganizirani basi yonyamuka ku Lilongwe 7 koloko m'mawa kupita ku Blantyre. Munthu amene ali ku Limbe, ngakhale sakuiona, akadziwa msewu, nthawi imene inanyamuka ndi mmene imathamangira, angathe kuyang'ana wotchi n'kunena kuti pano yadutsa pa Dedza, pano ikuyandikira Ntcheu. Pulogalamu yotsata masetilaiti imachita zomwezo. Imafuna kuuzidwa zinthu zitatu: njira, liwiro, ndi pamene setilaitiyo inali pa nthawi inayake yodziwika. Ubwino wake, kumwamba kulibe zipata za apolisi kapena maenje a mumsewu, choncho kuwerengerako kumalondola kwambiri.

Amene amayeza zam'mwamba

Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linakweza Sputnik 1, setilaiti yoyamba. M'masiku oyambirirawo ntchito yaikulu yoitsata inagwiridwa ndi anthu wamba. Bungwe la Smithsonian Astrophysical Observatory la ku America linali litakonza kale magulu a anthu ongodzipereka, pansi pa dzina lakuti Moonwatch, amene ankakhala panja usiku ndi timagalasi toonera patali komanso mawotchi, n'kumalemba nthawi imene setilaiti yadutsa.

Pasanapite nthawi asilikali a America anaitenga ntchitoyi, chifukwa ankafuna kusiyanitsa setilaiti ndi mzinga wa adani. Lero kaundula wa zinthu zozungulira dziko amasungidwa ndi nthambi ya United States Space Force yotchedwa 18th Space Defense Squadron, ku Vandenberg m'chigawo cha California. Amagwiritsa ntchito makina oonera patali ndi marada, makina amene amatumiza mafunde a wailesi kumwamba n'kumvetsera pamene mafundewo agunda chinthu ndi kubwerera. Imodzi mwa marada amphamvu kwambiri, Space Fence, inayamba kugwira ntchito mu 2020 pa Kwajalein, m'zilumba za Marshall Islands. Chinthu chilichonse chikapezeka chimapatsidwa nambala yake. Nambala 1 inapita kwa roketi imene inanyamula Sputnik, nambala 2 kwa Sputnik mwiniwake. Nambala 5 ndi Vanguard 1 wa mu 1958, amene mpaka lero akadali m'mwamba. Zinthu zoposa 25,000 zimatsatidwa, kuyambira zazikulu ngati ISS mpaka zidutswa za masentimita 10, ndipo gawo lalikulu ndi zinyalala: maroketi otha ntchito, masetilaiti akufa ndi zibenthu.

Manambalawa amaperekedwa kwa anthu kudzera pa tsamba la pa intaneti la Space-Track, pamene munthu amayamba walembetsa dzina. Koma gwero limene ambiri amalikonda ndi CelesTrak, imene Dr T.S. Kelso anaiyambitsa mu 1985. Kumeneko kulembetsa kulibe, ndipo masetilaiti anasanjidwa kale m'magulu: a zanyengo, a GPS, a Starlink, owala kwambiri, okwezedwa m'masiku 30 apitawa, ndi ena otero. N'chinthu choyamikirika kuti mwana wa sukulu ku Mchinji kapena ku Chipata angathe kupeza manambala omwewo amene katswiri wa ku London akugwiritsa ntchito. Komabe tizikumbukira kuti mwini kaundula amasankha zoti aonetse. Masetilaiti ena aukazitape a America salembedwa poyera, ndipo amene amatulutsa manambala ake ndi anthu wamba a m'mayiko osiyanasiyana amene amawayeza okha usiku, monga ankachitira a Moonwatch.

Mizere iwiri ya manambala

Manambala a setilaiti iliyonse amalembedwa m'mizere iwiri yotchedwa TLE. Mzere uliwonse uli ndi malo 69, osapitirira, chifukwa kalembedweka kanayamba m'nthawi imene makompyuta ankawerenga makadi obowolabowola. Nayi TLE ya ISS ya m'chaka cha 2008:

1 25544U 98067A   08264.51782528 -.00002182  00000-0 -11606-4 0  2927
2 25544  51.6416 247.4627 0006703 130.5360 325.0288 15.72125391563537

Poyamba zimaopsa, koma tiyeni tiziyende pang'onopang'ono. Nambala 25544 ndiyo ya ISS mu kaundula uja. Kenako 98067A ikutiuza kuti chigawo chake choyamba chinakwera mu 1998, pa ulendo wa nambala 67 wa chaka chimenecho.

Nambala yotsatira, 08264.51782528, ndiyo yofunika kuposa zonse, chifukwa ikunena nthawi imene manambala ena onsewo anali oona. 08 ndi chaka cha 2008, 264 ndi tsiku la nambala 264 la chakacho, lomwe ndi 20 Seputembala, ndipo zotsalazo ndi gawo la tsikulo limene linali litadutsa: theka ndi kachidutswa, ndiye kuti cha m'ma 12:25 masana pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC. Kwathu kuno inali 2:25 masana. Poti chaka chimalembedwa ndi manambala awiri okha, anagwirizana kuti 57 mpaka 99 ndi zaka za m'ma 1900, pamene 00 mpaka 56 ndi za m'ma 2000. Palibe setilaiti inakwera chisanafike chaka cha 1957.

Pa mzere wachiwiri, 51.6416 ndi kupendekeka kwa njira poyerekeza ndi ikweta, m'madigiri. Setilaiti yoyenda pamwamba pa ikweta penipeni imakhala ndi 0, yodutsa kumapeto a dziko kumpoto ndi kumwera imakhala ndi 90 kapena pafupi pamenepo. Nambala 0006703 iwerengedwe ngati 0.0006703, ndipo ikunena mmene njirayo yatalikira mbali imodzi. Kuchepa kwakeku kukusonyeza kuti njira ya ISS ndi yozungulira bwino. Manambala atatu ena, 247.4627, 130.5360 ndi 325.0288, akunena mbali imene njirayo yatembenukira ndi pamene ISS inali panjirapo nthawi imeneyo.

Chakumapeto kuli 15.72125391, maulendo ozungulira dziko pa tsiku limodzi. Tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndipo mukagawa ndi 15.72 mupeza mphindi 91 ndi theka pa ulendo umodzi. Lero nambalayi imakhala cha pa 15.5, chifukwa ISS inakwezedwa kuposa pamene inali mu 2008. Mukaona 2.0 pamalo amenewa, dziwani kuti ndi setilaiti ya mtundu wa GPS. Mukaona 1.0, ndi ya dishi ija. Manambala 56353 ophatikana nayo ndi maulendo onse amene ISS inali itayenda chikwerereni.

Nambala yomaliza ya mzere uliwonse ndi mlonda. Pulogalamu imaphatikiza manambala onse a mumzerewo, kachizindikiro ka mayinasi n'kukawerenga ngati 1, ndipo nambala yakumapeto ya yankho iyenera kufanana ndi mlondayo. Zikasiyana, ndiye kuti china chalakwika pokopera.

Popeza malo a nambala ya kaundula ndi asanu okha ndipo manambala apitirira kale 60,000, akatswiri anakonza kalembedwe katsopano kotchedwa OMM, kopanda malire amenewa. Zam'kati mwake n'zomwezi.

Manambala akakhalitsa

TLE imayenda ndi masamu akeake otchedwa SGP4, amene Felix Hoots ndi Ronald Roehrich anawasindikiza mu 1980 m'chikalata chotchedwa Spacetrack Report No. 3. Masamuwa amawonjezera zimene malamulo a Kepler paokha sanena, makamaka ziwiri: dziko ndi lofufuma pang'ono pa ikweta, ndipo ngakhale pa makilomita 400 pakadali kampweya kopyapyala kamene kamabweza setilaiti m'mbuyo. Simufunika kuwadziwa masamuwa, ali kale m'kati mwa pulogalamu iliyonse yabwino.

Chofunika kudziwa n'chakuti manambalawa amatha mphamvu. Pa nthawi yake yeniyeni TLE imaphonya ndi kilomita imodzi kapena chapomwepo, ndipo tsiku lililonse kuphonyako kumakula ndi kilomita imodzi mpaka atatu. Kwa woyang'ana ndi maso zimenezi n'zochepa, poti ISS imadula makilomita oposa 7 pa sekondi imodzi. Vuto limabwera ndi kampweya kaja, kamene sikakhazikika. Dzuwa likalusa n'kulavula mphamvu zake, mpweya wakumwamba umatentha n'kufufuma. Mu Febuluwale 2022 SpaceX inakweza masetilaiti 49 a Starlink, ndipo pafupifupi 40 mwa iwo anabwerera n'kupsera mumpweya chifukwa cha zimenezi. Komanso masetilaiti amoyo amayatsa timainjini tawo nthawi ndi nthawi kuti akwere kapena azembe chinyalala. ISS ikatero, TLE ya dzulo lake imasanduka yabodza pompo.

Pulogalamu sikuchenjezani nthawi zonse. Idzajambulabe kadontho kokongola, koyenda bwinobwino, ngakhale manambala ake akhale a miyezi itatu yapitayo. Kwa masetilaiti apansi ngati ISS ndi Starlink, manambala opitirira sabata imodzi musamawakhulupirire kwenikweni. A GPS ndi a dishi amapirira nthawi yotalikirapo.

Kuika manambala anu mu pulogalamu

Masamba a Heavens-Above ndi N2YO amakuchitirani zonse pa intaneti, inu n'kungowerenga. Koma wofuna mapu akeake atenge pulogalamu yokhala m'kompyuta mwake. Ziwiri zaulere zodziwika bwino ndi Gpredict, imene ntchito yake ndi masetilaiti basi, ndi Stellarium, imene imaonetsa thambo lonse ndi nyenyezi zake n'kuikapo masetilaiti. Zonse ziwiri zimalola kuti muzipatse adiresi ya pa intaneti yotengako TLE, kapena fayilo imene muli nayo kale.

Yambani ndi kuiuza pulogalamu pamene muli. Malo amalembedwa ndi manambala awiri: latichudi, kutalika kwanu kuchokera pa ikweta, ndi longichudi, kutalika kwanu chakummawa kapena chakumadzulo. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kumwera ndi 34 kummawa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa kumwera kumalembedwa ndi mayinasi. Mukaiwala kachizindikiroka, pulogalamu idzakuikani ku Sudan, n'kumakuuzani mokhulupirika za thambo la kumeneko. Onaninso wotchi ya kompyuta. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndipo wotchi yotsalira ndi mphindi imodzi yokha imasuntha ISS ndi makilomita oposa 400.

Kenako tengani gulu limene mukulifuna ku CelesTrak. Musatenge zonse. Mapu okhala ndi timadontho zikwizikwi amasangalatsa maso kwa mphindi imodzi, koma saphunzitsa kanthu, ndipo kompyuta yakale imayamba kukwawa. Sankhani masetilaiti asanu kapena khumi, muike mizere yake mu fayilo imodzi, dzina pamwamba, mizere iwiri pansi pake. Gwiritsani ntchito pulogalamu yolembera mawu wamba monga Notepad. Mukadutsitsa mizereyi mu Word kapena mu uthenga wa pa foni, mipata ya pakati pa manambala imatha kusintha, ndipo pamenepo TLE yafa, popeza nambala iliyonse ili ndi malo akeake mumzere.

Fayilo ya masetilaiti 100 ndi yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni, choncho bandulo sikutha. Mukaitenga, intaneti sifunikanso, masamu onse amachitikira m'kompyuta momwemo. Eni CelesTrak amapempha kuti anthu asamatenge fayilo yomweyo mobwerezabwereza popanda chifukwa, ndipo kamodzi pa tsiku n'kokwanira kwa ambiri a ife.

Zimene mapu akunena

Pa mapu a dziko njira ya ISS imaoneka yokhotakhota, kukwera mpaka madigiri 51.6 kumpoto n'kutsika mpaka 51.6 kumwera. Si kuti setilaitiyo ikukhota. Njira yopendekeka yozungulira dziko lobulungira ikajambulidwa pa pepala lafulati imaoneka chomwecho. Mudzaonanso kuti mzere uliwonse wotsatira wasunthira kumadzulo ndi madigiri pafupifupi 23, chifukwa m'mphindi pafupifupi 92 za ulendo umodzi dziko lakhala likutembenukira kummawa. ISS ikadutsa pa Lilongwe tsopano, ulendo wotsatira idzadutsa cha kugombe la Angola.

Kadonthoko kamazunguliridwa ndi bwalo losonyeza dera limene setilaitiyo ikuonekera. La ISS limafika makilomita oposa 2,000 mbali zonse. Mudzi wanu ukalowa m'bwalomo, ndiye kuti setilaiti yatulukira m'chizimezime mwanu. Apa pulogalamu imapereka manambala awiri. Yoyamba ndi mbali: 0 kumpoto, 90 kummawa, 180 kumwera, 270 kumadzulo. Yachiwiri ndi kukwera: 0 m'chizimezime, 90 paliwombo. Chibakera chimodzi mutatambasula mkono chimaphimba madigiri pafupifupi 10, ndipo setilaiti yosakwera kuposa pamenepo imabisika ndi mitengo ndi mapiri.

Phindu lenileni la mapu odzikonzera limaoneka munthu akakhala ndi funso lake. Wa zankhalango kapena wa zaulimi angaike masetilaiti ojambula dziko a Landsat 8 ndi Landsat 9 okha. Amenewa ali pa makilomita 705, amadutsa m'mawa dzuwa litakwera, ndipo iliyonse imabwerera pamalo omwewo masiku 16 aliwonse. Motero angadziwiretu tsiku limene nyanja ya Chilwa kapena chigwa cha Shire chidzajambulidwe. Wokonda mawailesi angaike ISS, imene nthawi zina imamveka pa 145.800 MHz, ndipo Gpredict idzamuuza kolozetsa eriyo. Mayunivesite okweza timasetilaiti tating'ono, monga ZimSat-1 ya ku Zimbabwe imene inatulutsidwa kuchokera mu ISS mu Disembala 2022, amadalira TLE kuti alankhule ndi makina awo. Timasetilaiti tikatulutsidwa tambiri pamodzi, masiku oyamba eni ake amayesa TLE zingapo mpaka atapeza yogwirizana ndi kulira kwa kawo.

Pali mapu ena amene ndikanakonda mwana wa sukulu aliyense atawaona. Ikani gulu la zibenthu za Fengyun-1C, setilaiti imene dziko la China linaiphulitsa dala ndi mzinga mu Januwale 2007 n'kusiya zidutswa zoposa 3,000, muzipatse mtundu wofiira. Onjezani za masetilaiti a Iridium 33 ndi Cosmos 2251, amene anawombana pamwamba pa Siberia pa 10 Febuluwale 2009, muzipatse wachikasu. Kenako ikani masetilaiti a zanyengo ndi ojambula dziko mu mtundu wobiriwira. Mudzaona obiriwirawo akuyenda m'dera lomwelo la zinyalala, ndipo nkhani ya kuipitsa mlengalenga sidzafunanso wokufotokozerani.

Kuyesa masamu ndi maso

Setilaiti ilibe nyali yoti tiziionera. Imawala ndi dzuwa, choncho imaoneka pokhapokha pansi pano pali mdima koma kumwambako dzuwa likuombabe, ndiye kuti ola limodzi kapena awiri dzuwa litalowa, kapenanso mbandakucha. Ikazilala pakati pa thambo, yalowa mumthunzi wa dziko, ndipo pulogalamu yabwino imaneneratu mphindi imene zimenezi zidzachitike. ISS ndiyo yoyenera kuyambira, chifukwa ikadutsa pamwamba kuwala kwake kumayandikira kwa nthanda, ndipo imaoneka ngakhale m'tauni.

Aphunzitsi a sayansi, ntchito iyi sifuna labotale. Laputopu imodzi ndi fayilo ya TLE yotengedwa sabata yomweyo n'zokwanira. Ophunzira asankhe tsiku limene ISS idzakwere kupitirira madigiri 40, alembe papepala nthawi ndi mbali imene idzatulukire, kenako aime pabwalo la mpira ndi wotchi. Ikachedwa kapena kufulumira ndi mphindi yoposa imodzi, asathamangire kuimba mlandu Kepler. Ayambe aona wotchi, aone mayinasi wa latichudi, kenako awerenge tsiku lolembedwa pa mzere woyamba wa TLE.